Funso ndi Yankho: Ndakatulo Zachikondi za Elizabeth Barrett Browning

Funso: Akonzi, ndimaphunzitsa Chingerezi kuno ku Chipata. Mnzanga akuti ndakatulo za Elizabeth Barrett Browning zotchedwa Sonnets from the Portuguese zinayamba kusindikizidwa mu 1847. Kodi n'zoona?

Yankho: Aphunzitsi, zimenezo si zoona. Elizabeth analemba ndakatulozi mu 1845 ndi 1846, ali pachibwenzi ndi Robert Browning, koma anazibisa mpaka 1849, pamene anazionetsa kwa mwamuna wakeyo ku Bagni di Lucca, m'dziko la Italy. Robert anamulimbikitsa kuti azitulutse, ndipo zinasindikizidwa koyamba mu 1850, pansi pa mutu wochititsa anthu kuganiza kuti n'zomasuliridwa kuchokera ku Chipwitikizi, popeza zinkakhudza zam'banja mwawo.

Chaka cha 1847 chinachokera m'kabuku kachinyengo ka ndakatulozi kopangidwa ndi Thomas J. Wise, wosonkhanitsa mabuku akale, kolembedwa kuti kanasindikizidwa m'chakacho ku Reading, m'dziko la England. N'zomvetsa chisoni kuti akatswiri ambiri anakakhulupirira mpaka 1934, pamene John Carter ndi Graham Pollard, ogulitsa mabuku akale, atapenda mapepala ndi kaumbidwe ka zilembo zake, anasonyeza kuti kanapangidwa Elizabeth atamwalira kale. Ndakatulozi monga Elizabeth anazilembera ndi dzanja lake zikusungidwa m'nyumba zosungiramo mabuku za British Library, Morgan Library ndi Armstrong Browning Library.