Madzi a Pampopi Akasakanikirana ndi Zonyansa: Yankho la Loya

Mayi, ndawerenga kalata yanu imene mwafotokoza kuti paipi ya madzi ya mumsewu wanu yakhala ikutayikira kwa miyezi itatu, kuti pafupi pomwepo dzenje la zonyansa za m'zimbudzi linasefukira, ndiponso kuti ana anu awiri anagonekedwa m'chipatala atatsegula m'mimba madzi a pampopi atayamba kununkha. Mwafunsa ngati mungasumire bungwe la madzi. Mungathe, ndipo ndikuona kuti mlandu wanu uli ndi mutu.

Paipi yochokera mumsewu kukafika pa mita ndi ya bungwe la madzi, ndipo ikaphulika, kukonza ndi udindo wawo. Yanu ndi yochokera pa mita kulowa m'nyumba. Mabungwe asanu a madzi amene tili nawo m'Malawi amagwira ntchito pansi pa lamulo la Waterworks Act la 1995, ndipo bungwe limene lauzidwa za paipi yophulika koma n'kulekerera likhoza kulamulidwa kupereka chipukutamisozi kwa amene avulazidwa. Chovuta n'chakuti mapaipi a zonyansa m'mizinda yathu akhala akuyendetsedwa ndi makhonsolo kwa zaka zambiri, kotero mukadandaula, mbali iliyonse imaloza chala inzake. N'chifukwa chake anthu a ku Area 18 ku Lilongwe, amene anamwa madzi osakanikirana ndi zonyansa mu Julaye 2017, anasumira pamodzi Lilongwe Water Board, khonsolo ya mzindawo ndi bungwe la boma la nyumba la Malawi Housing Corporation. Inunso musasankhe nokha wolakwa. Atchuleni onse amene paipi zawo zikukhudzidwa, bwalo ndilo ligawe mlandu.

Pa umboni ndi pamene ndikufuna mutchere khutu, chifukwa milandu yambiri yotere imafera apa. Lipoti la pakamwa kwa mnyamata wowerenga mita silikuthandizani. Lembani kalata yonena tsiku limene vutoli linayamba, mukaipereke ku ofesi ya bungwelo ndi kukhonsolo, ndipo akudindireni pa kope lanu. Jambulani zithunzi za malowo tsiku ndi tsiku. Mabuku a kuchipatala a anawo muwasunge ngati ndalama, pamodzi ndi malisiti a mankhwala, a minibasi ndi a madzi amene mwakhala mukugula. Koposa zonse, madziwo akayezedwe paipi isanakonzedwe, makamaka ku Malawi Bureau of Standards kapena kudzera kwa a zaumoyo a m'boma lanu, popeza akangokonza n'kutsuka mapaipi, kutsimikiza kuti matendawo anachokera m'madzi kumavuta kwambiri.

Kutayira zonyansa m'madzi ndi m'malo okhala anthu ndi mlandu paokha. Lamulo la Environment Management Act la 2017 limapatsa munthu aliyense ufulu wokhala pamalo aukhondo, ndipo dandaulo lotere limapita ku bungwe loteteza chilengedwe la Malawi Environment Protection Authority. Ngati zonyansazo zikulowa mumtsinje, dziwitsaninso bungwe loyang'anira mitsinje ndi nyanja la National Water Resources Authority.

Akapanda kuyankha kalata yanu, loya adzalemba ina yofuna chipukutamisozi pofika tsiku lakutilakuti, kenako adzatula mlandu ku bwalo lalikulu. Kumeneko nthawi zambiri mbali zonse zimayamba zakhala pansi pamaso pa woweruza kuyesa kugwirizana, ndipo zikakanika m'pamene umboni umamvedwa. Bwalo likhoza kulamulanso kuti paipiyo ikonzedwe mlandu uli mkati. Ngati anansi anu nawonso anadwala, sumirani limodzi, ndalama za loya zipepuke. Ngati simungathe kulipira, pitani ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza amene alibe ndalama za loya.

Musachedwe. Mlandu wofuna chipukutamisozi pa kuvulala kapena kudwala uyenera kufika kubwalo zaka zitatu zisanathe. Ndipo wina akabwera ndi ndalama pang'ono ndi pepala loti musayine kuti nkhani yatha, musaike dzina lanu loya asanaliwerenge.