Kodi matumbo amadonthadi?

FUNSO: Mimba yanga imatupa ndikangomaliza kudya, ndipo wina wogulitsa mankhwala azitsamba wandiuza kuti ndili ndi "leaky gut", kutanthauza kuti matumbo anga akudontha. Kodi nthendayi ilikodi? — Wowerenga wa ku Zomba

YANKHO: Kachikopa ka m'kati mwa matumbo n'kopyapyala kwambiri, ndipo ntchito yake ndi kulowetsa chakudya chogayika m'magazi kwinaku kakutsekereza tizilombo. N'zoona kuti kamatha kufooka chifukwa cha mowa wambiri, kumwa pafupipafupi mankhwala ochepetsa ululu otchedwa ibuprofen, kapena matenda otupitsa matumbo otchedwa Crohn. Kafukufuku wa ku Malawi ndi Zambia wasonyezanso kufooka kotere mwa ana okulira pamalo opanda ukhondo. Komabe madokotala saona "leaky gut" ngati nthenda payokha, ndipo zimandipweteka mtima kuona anthu akuthera ndalama pa mabotolo amene alibe umboni wakuti amachiritsa.

Yambirani m'mbale mwanu: nsima ya mgaiwa m'malo mwa ya ufa woyera, nyemba zonyikidwa m'madzi usiku wonse musanaphike, bonongwe, chambiko ndi madzi owiritsa. Mukaona magazi m'chimbudzi, mukamaonda popanda chifukwa, kapena kutsekula m'mimba kukapitirira masabata 2, pitani kuchipatala msanga kuti akakupimeni.