Leicester sidatenge ligi ya 2015/16 mwamwayi

Achimwene, mwafunsa ngati Leicester City idatenga Premier League ya 2015/16 chifukwa choti matimu akuluakulu adagona. Ine ndikukana ndithu.

N'zoona kuti Chelsea, yomwe inkateteza chikho, idathera pa nambala 10, ndipo José Mourinho adachotsedwa ntchito mu Disembala 2015. Koma ligi ndi masewero 38. Leicester idapambana 23, kufanana mphamvu 12, n'kugonja katatu kokha: kawiri kwa Arsenal, kamodzi kwa Liverpool. Idamaliza ndi mapointi 81, Arsenal 71, Tottenham 70. Kumbukirani kuti sizoni ya m'mbuyo Leicester idapulumuka movutikira kutuluka mu ligi.

Chomwe chidandigwira mtima ndi kaseweredwe ka mphunzitsi Claudio Ranieri. Ankalola adani kusewera ndi mpira, anyamata ake n'kutseka kumbuyo, Wes Morgan ndi Robert Huth atayima nji kutsogolo kwa goloboyi Kasper Schmeichel. N'Golo Kanté, yemwe adangobwera kumene kuchokera ku Caen, akalanda mpira pakati, nthawi yomweyo unkapita kwa Riyad Mahrez kapena Jamie Vardy. Vardy adamwetsa zigoli 24, ndipo adagoletsa m'masewero 11 otsatizana. Mahrez adamwetsa 17.

Ine ndidakhulupirira mu Febuluwale 2016 pomwe adakathibula Manchester City 3-1 pakwawo pomwe, Huth atagoletsa ziwiri. Chikho chidatsimikizika pa 2 Meyi, Chelsea italepherana 2-2 ku Stamford Bridge ndi Tottenham, timu yokhayo yomwe ikadatha kuipeza Leicester pa mapointi.