Za zithunzi za chinkhoswe zija, mphwanga tamvera

Eya, moni nonse pagulu pano. Amayi, mwaswera bwanji kumeneko? Ndikuyankha iwe mphwanga, pa funso lako loti bwanji zithunzi za chinkhoswe cha ku Nchalo zatuluka nkhope zili bii pomwe kumbuyo kwawala mbee, kenako za usiku zili mbuu, anthu osaoneka bwino. Ndaziona zonse. Kamera wabwerekayo ilibe vuto, usaibweze msanga.

Nkhani yonse yagona pa kuwala. Kamera ili ngati diso lakoli. Ukatuluka panja masana mboni ya diso imachepa, ukalowa m'nyumba imakula. Kabowo ka kamera kamachitanso chimodzimodzi, ojambula amakatcha aperture. Ndi nambala ija yoyamba ndi f. Apa mvetsetsa, chifukwa nambalazo zimayenda chobwerera: f/2.8 ndiye kuti kabowo katseguka kwambiri, f/16 katsala kakang'ono. Pa f/2.8 munthu amaoneka bwino, za kumbuyo n'kufufutika, zija umazikonda pa zithunzi za akwati. Koma pa gulu la anthu a mizere itatu ika f/8, apo ayi a kumbuyo satuluka bwino.

Kenako pali shutter speed, kutanthauza nthawi imene kamera imakhala chitsegukire isanaphethire. Ukaona 1/500, ndiye kuti sekondi imodzi yagawidwa ka 500, iwe watengapo kagawo kamodzi. Liwiro limeneli limagwira munthu akuvina, mpaka ndalama zikuuluka pa perekaniperekani zimaoneka. Tsono zako za usiku zija, kamera itaona mdima inatsika yokha, mwina kufika pa 1/15. Pamenepo ngakhale kupuma kwako komwe kumagwedeza chithunzi. Ukagwira kamera pamanja usatsike kupitirira 1/60. Zikavuta, tsamira khoma, zigongono uzipanikize m'nthiti.

ISO, nambala imene imauza kamera kuti ikuze motani kuwala kumene yalandira, ndiye sindichulutsa. Masana ika 100. Kukamada kwezera pa 800 kapena 1600. Ukaiwirikiza kawiri, chithunzi chimawalanso kawiri, koma ukakweza kwambiri chimadzaza timadonthomadontho. Ine ndimati bola timadontho kusiyana ndi nkhope yofufutika, agogo azitha kuzindikira mdzukulu wawo.

Tsopano za nkhope zakuda zija, apa mpamene ndikufuna ugwire. Dzuwa la kwathu kuchigwa kuno si lamasewera, makamaka October ndi November pamene kutentha kumadutsa madigiri 40. Iwe unawaimika anthu pansi pa mtengo wa mango, unachita bwino, koma kumbuyo kwawo kunali bwalo la mchenga dzuwa likuswa mtengo. Kamera siidziwa kuti iwe ukufuna mkwatibwi. Imangoyeza kuwala kwa malo onse, ikaona kwachuluka imachepetsa, ndiye amene ali pamthunzi amada. Ife khungu lathu ndi lakuda kale, mpake nkhope zimasowa. Zimandipweteka ndithu, chifukwa chinkhoswe sichibwerezedwa.

Uchite chonchi. Pa kamerapo funa kabatani kolembedwa +/-, ukweze kufika pa +1, ujambule, uone. Ngati nkhope zikadali zakuda onjezera pang'ono. Kumwamba kukayera mbee, kusiye, palibe adzafunse za mitambo. Njira ina yosavuta kuposa pamenepa ndi kusuntha iweyo, kuti kumbuyo kwa anthuwo kukhale khoma, mpanda wa bango kapena masamba, osati bwalo lowala kapena madzi a Shire akunyezimira. Ngati ali pafupi, yatsa flash ngakhale ndi masana, imachotsa mdima wa m'maso ndi pansi pa chipewa.

Inu a mafoni musaone ngati sizikukukhudzani. Alamu, ndi inu ndikunena, mumajambula ana tsiku lililonse. Mafoni ambiri kabowo kake sikasintha, koma dinani pa nkhope ya munthu pa sikirini musanajambule. Pa mafoni ambiri pamatuluka kachizindikiro ka dzuwa, mukakakoka nkhope imawala. Ndipo muzipukuta kagalasi ka kamera ndi kansalu kofewa, fumbi la Ngabu ndi thukuta la m'manja zimaononga zithunzi zambiri. Foni musamaisiye padzuwa, ikatentha kamera imakana kutseguka.

China, nthawi. Ukakhala ndi mpata wosankha, zithunzi za banja uzijambula m'mawa isanakwane 8 koloko, kapena madzulo kuyambira 4 koloko. Masana anthu amatsinzina, nkhope zili noninoni ndi thukuta.

Lamlungu likubwerali mukaweruka kutchalitchi, muimike mlongo wako pansi pa mtengo womwe uja. Umujambule pa 0, pa +1, ndi china utasuntha kuti kumbuyo kukhale khoma. Uzitumize pagulu pompano, ndidzakuuza zoti usinthe usanapite ku ukwati wa ku Bangula.