Yankho langa kwa achimwene pa zowonjezera nyumba

Moni achimwene, moni nonse pagulu pano. Uthenga wanu ndauona, koma zoti ndinene zachuluka, ndiye ndangoti ndilankhule. Mwati mukufuna kuwonjezera zipinda ziwiri kumbuyo ndi kugumula khoma la pakati pa khitchini ndi pabalaza, ndiye mukufunsa ngati n'kofunikadi kulipira architect, katswiri wojambula mapulani a nyumba, kapena bilida wanu uja angathe yekha. Ine ndikuti mupezeni architect, ndipo mumupeze panopa, musanagule ngakhale thumba limodzi la simenti.

Ndiyambe ndi khomalo, chifukwa ndi limene landisowetsa mtendere. Makoma a m'nyumba safanana. Ena amangogawa zipinda, ena ndi amene asenza denga, koma akapakidwa pulasitala ndi penti onse amaoneka chimodzimodzi. Pamafunika munthu akwere m'siling'i aone kuti matabwa a denga atsamira khoma liti. Likakhala losenza, kuligumula n'kotheka ndithu, koma m'malo mwake pamalowa bimu, mtanda wa konkire ndi zitsulo wosenza denga. Tsono kukula kwa bimuyo, zitsulo zingati, ikhala pa chiyani mbali zonse ziwiri, amawerengera ndi injiniya. Architect wabwino adzanena yekha kuti apa tiitane injiniya. Akatero musaganize kuti akufuna kukudyerani ndalama, ayi, ameneyo ndiye akudziwa pamene ntchito yake yalekezera.

Ifetu tinaphunzira mowawa. Pomanga yathu ija pulani inalipo, yabwinobwino. Tsiku lina ndili pa saiti ndinaona ngati chipinda cha ana chachepa, ndiye ndinangomuuza bilida pakamwa kuti khomalo alisunthe pang'ono. Iye sanatsutse, architect sindinamuuze. Koma maziko anali atathiridwa kale pamalo akale, moti khoma latsopanolo linakhala pa silabu chabe, konkire ya pansi ija, popanda maziko ake. Zaka ziwiri zisanathe mng'alu unayambira pangodya ya chitseko kukwera m'mwamba, chitseko n'kusiya kutsekeka. Zimene tinawononga pokonza zinaposa kutali zimene tikanalipira kuti munthu ajambulenso tsamba limodzi. Mpaka lero ndikaliyang'ana khoma limenelo mtima umandiwawa, ndipo sindikufuna zimenezo zikuchitikireni. Paja amati safunsa anadya phula.

Tsono mukakumana ndi architect koyamba, chonde muuzeni zoona pa ndalama. Anthu ambiri timabisa, poganiza kuti tikatchula zenizeni atikwezera mtengo. Zotsatira zake amakujambulira nyumba yokongola imene sungaimalize, imaima pa lintala zaka ndi zaka mvula ikuimenya. Mukamuuza kuti ndili ndi zakutizakuti, amadziwa poti achepetse, kapena amajambula moti mumange chigawo chimodzi chaka chino, china mtsogolo, osadzagumulanso chimene mwamanga kale. Ndipo pa ndalamazo mupatule 10 peresenti yosakhudza. Nyumba yakale ukaitsegula sulephera kupeza china, kaya matabwa odyedwa ndi chiswe, kaya mawaya otha, kaya paipi yodontha imene inabisala m'khoma.

Chinanso, musapite ndi chithunzi cha pa intaneti n'kungoti ndikufuna ngati iyi. Mufotokozereni mmene mumakhalira. Alamu apite nawo, asatsale, chifukwa khitchiniyo akuidziwa ndi iwo kuposa inu. Anene pamene amaima pophika, pamene amachapira, katundu amene amasowa poika. Munenenso za amayi, kuti akabwera amakhalitsa ndipo mawondo akuwavuta. Akamva zimenezo adzaika chipinda chawo pafupi ndi bafa, popanda masitepe, chitseko chotambalala masentimita 90 kuti ngakhale njinga ya olumala idzathe kulowa tsiku lina. Zoterezi bilida sangakufunseni, si kuti ndi woipa, koma ntchito yake ndi kumanga chimene wauzidwa.

Pali tina timene ife sitiganiza n'komwe. Zenera lalikulu loyang'ana kumadzulo limasandutsa chipinda ng'anjo madzulo onse. Chipinda chokhala ndi mazenera mbali ziwiri mphepo imadutsa, cha zenera limodzi mpweya umangoima. Bafa latsopano likayandikana ndi khitchini kapena bafa lakale, mapaipi amafupika, ndalama n'kutsala. Koma chachikulu pa ntchito yanuyi ndi pamene chatsopano chikumane ndi chakale. Nyumba yakale inakhazikika kale, maziko atsopano adzatitimira pang'ono pa okha, ndiye polumikizirapo pakapanda kukonzedwa bwino m'pamene pamang'aluka. Kudenga n'chimodzimodzi, pokumana malata akale ndi atsopano m'pamene nyumba zambiri zowonjezera zimadonthera. Mumufunse architect mwachindunji kuti pamenepo wajambulapo chiyani, akuonetseni papepala.

Posankha munthu, onani ngati analembetsedwa ku bungwe loyang'anira ntchito yawoyo, chifukwa si aliyense wodziwa kujambula pa kompyuta amene ali architect. Akuonetseni nyumba ziwiri kapena zitatu zimene anajambula, makamaka zowonjezera ngati yanuyi, mukacheze ndi eni ake iye palibe. Muwafunse ngati ankabwera pa saiti, ngati ankayankha foni zinthu zikavuta.

Mgwirizano ukhale wolemba, achimwene, ngakhale atakhala mnzanu wa kalekale. Ena amalipiritsa peresenti ya mtengo wa ntchito yonse, ena mtengo umodzi wokhazikika. Zonse zili bwino, bola zilembedwe kuti mkatimo muli chiyani. Kodi ndi pulani yokapereka ku khonsolo yokha, kapena ndi zojambula zatsatanetsatane zimene bilida amangire? Kusintha kukuloledwa kangati? Pa saiti adzabwera maulendo angati? Injiniya amulipira ndani? Malipiro azipita gawo ndi gawo, ntchito ikaoneka. Ndipo musayambe kukumba chilolezo cha khonsolo chisanatuluke, chifukwa kuwonjezera nakonso kumafuna chilolezo, ndipo pali malamulo a mtunda umene uyenera kutsala pakati pa khoma ndi malire a puloti.

Pulani ikabwera musachite manyazi kunena kuti sindikumva. Zambiri zimajambulidwa pa sikelo ya 1:100, kutanthauza kuti sentimita imodzi papepala ndi mita imodzi pansi. Tengani tepi, zikhomo ndi chingwe, mukazike zipindazo kumbuyoko, mulowemo, muyeze pamene bedi ndi wadirobu zikhale. Ngati pali chosintha, nthawi yake ndi imeneyo, chidakali papepala. Mukagwirizana, papezeke BOQ, mndandanda uja wa zipangizo ndi kuchuluka kwake, ndiye mupereke mapepala omwewo kwa mabilida atatu, wanu uja akhale mmodzi mwa iwo, kuti mitengo muiyerekeze pa chinthu chimodzi.

Ntchito ikayamba, architect kapena injiniya abwere asanathire konkire ya maziko ndi ya bimu ija, aone zitsulo zidakali poyera, chifukwa zikakwiririka palibenso angadziwe zimene zili mkati. Konkire izithiriridwa madzi masiku osachepera 7, ndipo mphamvu yake amaiwerengera pa masiku 28, choncho wina asakuthamangitseni kuchotsa mitengo yochirikiza bimu injiniya asanavomere. Mukafuna kusintha kanthu, kadzere kwa architect, kalembedwe, mtengo wake mudziwiretu. Kumapeto musalipire zonse tsiku lomwelo. Ambiri amasunga 5 peresenti kwa miyezi 6 kapena chaka, kuti zolakwika zikaoneka bilida abwerere kudzakonza. Zimenezo zilowe mu mgwirizano poyamba pomwe kuti pasadzakhale kukangana.

Panopa fufuzani pulani yakale ya nyumbayo ndi mapepala a puloti, adzazifuna tsiku loyamba lomwe. Mukazipeza mujambule munditumizire, ndipo madzulo ano ndikuimbirani tikambe ndi alamu omwe.