Fupa la Msongolo Likasowa Chidutswa Chachikulu

Funso: Mwana wanga anachita ngozi ya njinga yamoto, fupa la msongolo n'kusowa masentimita 7. Madokotala akuti opaleshoni ikhala kawiri. Bwanji osamaliza kamodzi? Mayi wa ku Zomba

Yankho: Mayi, mpata ukaposa masentimita 5, fupa loikidwa kamodzi nthawi zambiri limasungunuka lisanagwire. N'chifukwa chake amatsata njira ya maopaleshoni awiri yotchedwa Masquelet. Poyamba amachotsa fupa lakufa, kumanga mwendo ndi zitsulo, n'kutseka mpatawo ndi simenti yapadera yosakaniza ndi mankhwala opha mabakiteriya. Pakatha masabata 6 mpaka 8, thupi limakhala litakuta simentiyo ndi kanembanemba kodzaza timitsempha ta magazi. Apo amachotsa simenti, kusunga kanembanembako, n'kuthiramo tizidutswa ta fupa lofewa lotengedwa m'chiuno.

Choopsa kwambiri ndi mafinya otsalira. Akaoneka, opaleshoni yachiwiri idikire. Zitsulo zikamagwedera, fupa sililumikizana. Ngati mwanayo amasuta, asiyiretu, chifukwa fodya amachepetsa magazi opita ku fupa.