French Defence: mnzanu akakankha e5, musadikire, menyani d4

Mphunzitsi wina wa ku Chilomoni, amene amaphunzitsa ana chesi akaweruka, watilembera imelo. Akuti akagwira zakuda amasewera French (kayambidwe ka masewero koyankha 1.e4 ndi 1...e6), koma mdani akangokankha 3.e5 iye amapanikizika, zida sizituluka, mapeto ake mfumu imafera pa h7. Akufunsa kuti alakwitsa pati.

Aphunzitsi, vuto ndi kudikira. Pambuyo pa 1.e4 e6 2.d4 d5 3.e5, zoyera zatenga malo ambiri ndipo hatchi yanu yalandidwa f6. Koma pawn ya pa e5 yatsamira ya pa d4. Katswiri wakale wa chesi Aron Nimzowitsch anaphunzitsa kuti mzere wa mapawn wotere umagwetsedwa kutsinde, ndiye ntchito yanu yonse ili pa d4.

Yambani pomwepo: 3...c5 4.c3 Nc6 5.Nf3 Qb6 (N ndi hatchi, B bishopu, Q kwini, K mfumu, x kudya, + cheki). Kwini ili pa b6 ikuyang'ana d4 komanso b2, choncho bishopu wa pa c1 akachoka kukathandiza pa e3, b2 yatsala yokha. Akasewera 6.Be2, idyani 6...cxd4 7.cxd4, kenako hatchi ya pa g8 idzere e7 kukafika f5. Tsopano werengani ndi chala. Zomenya d4 zilipo zitatu: mahatchi awiri ndi kwini. Zoteteza zilipo ziwiri: hatchi ya pa f3 ndi kwini ya pa d1. N'chifukwa chake mumaona zoyera zikuzungulitsa hatchi kudzera a3 mpaka c2. Pamenepo ndinu amene mukuwauza zochita.

Pali msampha umene ana anu ayenera kuuona pabolodi, osangowauza pakamwa. Akasewera 6.Bd3 cxd4 7.cxd4, d4 imaoneka yaulere chifukwa bishopu watchinga kwini yake. Mukathamangira 7...Nxd4 8.Nxd4 Qxd4, pakubwera 9.Bb5+. Bishopu wachoka ndi cheki, njira ya kwini ya pa d1 yatseguka, kwini yanu yapita. Yambani mwaika 7...Bd7 kuti cheki chimenecho chisakhalepo.

Akasewera 6.a3 akufuna b4. Mutha kutseka ndi 6...c4, hatchi ya pa c6 ipite a5 kukalondera b3.

Za h7 zija. Mukaona bishopu pa d3, hatchi pa f3, kwini pa d1 ndi pawn pa e5, musafulumire kupanga castle mbali ya mfumu (kusamutsira mfumu pa g8). Zimayenda chonchi: Bxh7+ Kxh7, Ng5+ Kg8, Qh5, ndipo palibe hatchi pa f6 yoti ikulanditseni. Mu French mfumu imatha kukhala pakati kwa kanthawi, poti mapawn atseka njira.

Bishopu wa pa c8 ndiye amadandaulitsa aliyense, chifukwa e6 ndi d5 zamutsekera. Ine ndimaona kuti anthu amamutaya mtima msanga. Zida zikatuluka, kankhani ...f6 kumenya e5, ndipo bishopuyo adzere d7 ndi e8 kukatulukira pa g6 kapena h5. Musakankhe ...f6 mfumu ili pa e8 popanda kuyang'ana kaye cheki cha kwini pa h5.